Mbale Yoyera ya a Nakhuwa

Jekete la a Nakhuwa likadali pa msomali kuseri kwa makina anga osokera. Anabwera nalo chaka chatha mvula itangoleka, monga ankachitira chaka ndi chaka, nati ndiike chigamba pa chigongono chakumanja. Chigambacho ndinaika. Mwini jekete ndiye sanabwerenso. Sabata ino akwanitsa chaka ali m'manda, ndipo mkazi wawo, Anambewe, ndawatumira mawu kangapo kuti adzatenge chovalachi. Yankho lawo silisintha: "Likhale komweko, a telala. Kuno ndiliika pati poti ndisamalione?"

Choncho amene ndimaliona ndine. Ine ndine telala wa pakhonde la sitolo ina pa Songani. Sukulu ndinaisiyira panjira, koma nthenda yowerenga inandigwira ndipo sinandisiye. Ndimawerenga ngakhale pepala limene andikulungiramo usipa, mpaka kukwiya nkhani ikathera pong'ambika. Ndinawerengapo buku lathunthu lophunzitsa kusambira, koma madzi opitirira m'mawondo sindinalowemo chibadwire. A Nakhuwa ankanditcha a Pulofesa, ndipo ankati tsiku limene ndidzamire ndidzamira mwaulemu, ndikudziwa dzina la chimene chikundichitikira.

Iwo anali mlimi ngati wina aliyense, chimanga kumtunda, mpunga kudambo. Makolo awo anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki, ndipo akakwiya kwambiri Chilomwe chinkatuluka chokha. Ali mnyamata anagwirapo ntchito yobzala paini m'phiri, n'chifukwa chake ankalidziwa makwalala ake onse. Koma mukafunsa aliyense m'chigwa cha Domasi kuti a Nakhuwa anali yani, sakuuzani za mpunga. Akuuzani za dziwe.

Kumtunda kwa mudzi wawo, kamtsinje kena kotsikira mu Domasi kamagwa pa thanthwe n'kupanga dziwe. Kale linali lozama moti anyamata ankadumpha kuchokera pamwamba pa thanthwelo osagunda pansi. Mitengo ya katope ndi mbawa inkakumana pamwamba pake, ndipo ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuwamba anthu kuchigwa, kumeneko unkafuna chofunda ukangotuluka m'madzi. Dziwelo silinali la a Nakhuwa. Palibe anawalemba ntchito, palibe anawapatsa yunifolomu. Jekete la kaki lija anagula okha pa kaunjika. Anangoyamba kuperekezako anthu, poyamba aphunzitsi achilendo a sukulu za pa mishoni, kenako mbiri inafala. Mvula ikaleka kunkabwera ana asukulu, makwaya a m'tauni, amayi a mpingo atanyamula mabasiketi, akwati ofuna zithunzi, azungu oyang'ana mbalame, mpaka mabingu oyamba a Novembala atatseka nyengo. Amayi a m'mudzi ankayala nzimbe, nthochi ndi zitumbuwa pansi pa mtengo wa mango pamene magalimoto ankaima. Nyengo ya alendo inali yawonso.

Koma chotsegula nyengoyo sichinali kalendala ayi. Inali mbale.

Pansi pa dziwe, pamalo ozama kwambiri, panali mbale yachitsulo yoyera ya mkombero wabuluu. A Nakhuwa anaiboola m'mbali n'kuimangirira ndi waya ku mwala waukulu, ndipo inkakhala komweko dzinja ndi chilimwe. Nthawi ya mvula madzi ankafiira, mbale n'kubisika. Mvula ikaleka, iwo ankakwera m'mawa uliwonse, n'kuima pa thanthwe manja ali kumbuyo, kusuzumira pansi. Tsiku limene aona mkombero wabuluu uja, ankatsika akuimba mluzu, n'kunola chikwanje, n'kuyamba kulambula njira. Mbale isanaoneke, mlendo sankaponda m'madzi, kaya wachokera kutali chotani, kaya wabwera pa galimoto yotani. Ankati madzi amene sukuona pansi pake ungalowemo wekha ngati watopa ndi moyo, koma sungaikemo mwana wa mwini, chifukwa madzi ofiira amabisa zipika zimene mvula yagwetseramo.

Mbaleyo inali ya pa ukwati wawo, ndipo anaitenga osapempha. Anambewe sanaiwale. Zaka zonsezo, kunyumba kukabwera alendo mbale n'kuperewera, ankanena mokweza kuti mwamuna wawo amve ali pakhonde: "Pepanitu alendo, mudikirane. Mbale inayo akudyeramo a nkhanu kuphiri." A Nakhuwa ankayankha kuti nkhanu zimatsuka mbale bwino kuposa anthu ena amene sawatchula mayina. Banja limenelo linalimba kuposa mabanja ambiri a anthu osalongolola.

Padziwe pankachitika zochepa, ndipo n'zochepazo zimene anthu ankabwerera. Miyezi yozizira ankawotha dzuwa pa thanthwe, kuotcha chinangwa, kuwedza timatemba ndi mbedza zimene a Nakhuwa ankazisomeka m'chipewa. Kukatentha ndiye kusambira, amayi kumunsi kuseri kwa mwala, abambo kumtunda, a Nakhuwa ali chilili m'mphepete ndi nsungwi yaitali yowolera aliyense amene mphamvu zamuthera. Aliyense ankamwetsedwa madzi a pa kasupe ndi tsamba lopinda, ngakhale amene wabwera ndi madzi ake a m'botolo. Ankati chovuta kuphunzitsa anthu a m'tauni si kusambira koma kukhala pansi. Amafika, kujambula, n'kufunsa kuti kwatsalanso chiyani choti aone. Iwo ankawayankha kuti chatsala ndi chomwechi, khalani. Ine ananditengerako kangapo, ndipo nthawi zonse ndinkathera pamwala, mapazi okha ali m'madzi, ndikufotokozera ana mmene manja amayendera posambira.

"A Pulofesa," ankakuwa, "m'bukumo simunafike pa tsamba lovula buluku?"

Lamulo lawo lina linali lakuti mlendo sasenza katundu. Ankati munthu amene wabwera kudzaona phiri maso ake akhale m'mwamba. Wosenza amangoona zala zake zakumapazi. Choncho unkawaona akukwera dengu la amayi lili pamutu, zikwama zili m'mapewa, mwana wa wina ali kumsana, akutchula mayina a mitengo osapuma wefuwefu. Lamuloli nthawi zina linkawathandiza. Anyamata ena a ku koleji anabwera ndi chiwailesi chachikulu ngati khola la nkhunda. A Nakhuwa anachilandira mwaulemu wonse, nachisenza, koma pofika padziwe chiwailesicho panalibe. "Aaa, pepani ana anga, ukalamba. Ndachiiwala pansi pa mkuyu uja tinapumira. Musadandaule, anyani a kuno savina." Pobwerera anachipeza chili pomwepo.

Sopo padziwe sankalola, ndipo pa nkhani imeneyi anayambana ndi theka la amayi a m'mudzi. Akulu a mpingo nawonso anawaitanapo chifukwa chokwera phiri ndi alendo Lamulungu masana. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati akuluwo anamvapo kwaya ikuimba pansi pa mathithi. Mlandu unathera pomwepo, ndipo sipanapite nthawi mmodzi wa akuluwo anaoneka padziwe atapinda buluku.

Zimenezi ndalemba ndikumwetulira, koma kumwetulirako kuthera pano.

Kunabwera zaka zija chimanga chinkapsa chisanabereke, feteleza n'kukwera mtengo osatsikanso. Anthu anatembenukira kuphiri. Anayamba ndi mitengo youma, kenako misuku, kenako chilichonse chimene nkhwangwa ingalume. Utsi wa ng'anjo za makala unayamba kuoneka m'mawa pamene kale pankagona nkhungu. Ndipo mmodzi mwa oyamba kutsika ndi matumba pa njinga anali Fanuwelo, mwana wa mchemwali wawo wa a Nakhuwa, munthu wofatsa, woimba besi m'kwaya, bambo wa ana ochuluka.

Anakumanira pakhonde langa lomwe lino tsiku la msika. Fanuwelo anaimitsa njinga, navula chipewa.

"Mwaswera bwanji, amalume?"

"Ndaswera. Uwo ndi mtengo uti?"

"Ndi makala, amalume."

"Ndikuona kuti si shuga. Ndati ndi mtengo uti? Usanauotche unali ndi dzina."

Fanuwelo anayang'ana pansi. "Katope."

"Wa pati?"

"Wa kumtunda kwa mathithi."

A Nakhuwa anayamba m'Chichewa, namalizira m'Chilomwe. Ine ndi mabuku anga onse sindinatolepo kanthu, koma anthu ogula tomato anasiya kugula. Fanuwelo anadikira mpaka atamaliza, kenako ananena mosakweza mawu:

"Amalume, ana anga adya mthunzi?"

Fanuwelo yemweyo anapitiriza:

"Ndiponso musatitukwane tokha. Kale phiri limeneli njinga sinkakwera. Njirayo anaisalaza ndani?"

Ndinaona a Nakhuwa akukhala pa benchi langa.

Kuti mumve chimene Fanuwelo ankanena, ndibwerere m'mbuyo. Poyamba njira ya kudziwe inali ya masitepe. A Nakhuwa ankawasema okha m'dothi ndi khasu n'kuwatchinga ndi zipika, ndipo malo ena unkakwera chogwira mizu. Ndiye kunali mphunzitsi wina wa pa mishoni, a Mataya, amene chaka chilichonse ankatengera ana asukulu kudziweko. Atapuma ntchito anadwala matenda ofa ziwalo, nakhala pa njinga ya olumala. Tsiku lina a Nakhuwa atapita kukawazonda, aphunzitsiwo anati chimene chikuwapweteka si miyendo, koma kuti sadzamvanso phokoso la mathithi aja. Anangonena monga odwala amanenera. A Nakhuwa anazitenga ngati atumidwa.

Chaka chimenecho mpunga anakolola Anambewe ndi ana. A Nakhuwa anali m'phiri ndi khasu ndi piki, kugumula masitepe, kukwirira maenje, kukhotetsa njira kuti izizungulira potsetsereka, kuyala milatho ya zipika pa timifuleni, kuzula chitedze m'mbali monse. Anthu ankati apenga. Njira itatha, anakankha okha njinga ija kuchokera kumudzi mpaka pa thanthwe, mwana wamkazi wa aphunzitsiwo, Elube, akutsatira ndi ambulera. A Mataya anakhala pamenepo masana onse. A Nakhuwa anawaonetsa mbale ili mbee pansi pa madzi. Anawavula nsapato n'kuwathira madzi a m'dziwe kumapazi amene sankamvanso kanthu. Aphunzitsiwo anamwalira mvula yotsatira isanagwe. A Nakhuwa ankati pa zonse zimene anachita pa moyo wawo, chimenechi ndicho adzayambe kutchula akadzafunsidwa kumwamba.

Koma njira imene yakwera gudumu limodzi imakwera magudumu onse.

Atamva mawu a Fanuwelo, a Nakhuwa analeka kulambula. Anafika podula minga n'kuiunjika panjira yawo yomwe, n'kugubuduzira miyala pa makhota amene anakumba okha. M'mawa mwake ankapeza minga ili m'mbali, miyala itasunthidwa bwinobwino, popanda wowatukwana. Udzu sunamerenso. Matayala ndi mapazi zinkalambula njirayo kuposa chikwanje chawo. Anandiuza kuti pa zonsezo chinawalasa kwambiri n'kuzindikira kuti njira yawo sikuwafunanso.

Ndipo mbale inayamba kuchedwa. Kale inkaoneka mu Meyi. Inayamba kuoneka mu Juni, kenako mu Ogasiti, ili mbuu ngati diso la ng'ala. Kenako kunabwera chaka chimene sinaoneke n'komwe. Anthu anali atalima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, ndipo dothi linkagumukira m'madzi ngakhale kopanda mvula. Chaka chonsecho a Nakhuwa anabweza alendo. Ankawalandira pansi pa mango, kuwapatsa nzimbe, n'kuwauza kuti dziwe silinatseguke, ayesenso mwezi wamawa. Anthu a m'tauni sabwezedwa kawiri. Maminibasi a makwaya anayamba kungodutsa, kulunjika ku Liwonde kukaona mvuu. Amayi a zitumbuwa anayalula malonda awo, ena akung'ung'udza kuti nkhalambayi yawatsekera chakudya chifukwa cha mbale imodzi. Koma jekete linkabwerabe kwa ine mvula ikaleka, ndipo m'mawa uliwonse mwini wake ankakwerabe kukaima pa thanthwe.

Ndinawafunsapo kuti, "Madala, bwanji osangomiza mbale ina pamalo osaya, anthu azibwera?"

Anandiyang'ana ngati ndawauza kuti asinthe mkazi. "Mbale ina ya ndani? Mukapemphe ndinu kwa Anambewe." Kenako anawonjeza kuti mbale ija sanaiike kuti azinamizira anthu.

Tsiku limene ndimalikumbukira kuposa onse linali mu Okutobala womaliza wa moyo wawo. Anatumiza uthenga kuti nditseke makina ndipite msanga. Ndinapeza galimoto itaima pabwalo la tchalitchi cha kumudzi kwawo, ndi mayi wina wa imvi zoyamba, wovala mandala, ali ndi adzukulu awiri. Anali Elube, mwana wa a Mataya uja, wochokera ku Blantyre. Adzukuluwo ankayankhula Chingerezi chokhachokha, ndiye ine anandiitanira kutanthauzira. Ndinawapatsa moni wa m'buku, wautali, wodzaza ndi mawu amene ndinawasunga zaka zambiri kudikira tsiku ngati limeneli. Anawo anayang'anana, n'kufunsa agogo awo ngati bamboyu akupemphera.

"Bambo Nakhuwa," anatero mai Elube, "ana awa atopa nane. Chibadwire ndimawauza za dziwe limene munasambitsa bambo anga mapazi. Akuti ndimapeka. Lero ndati akaone okha mbale ija."

"Mayi, dziwe silinatseguke."

"Mu Okutobala?"

"Silinatseguke."

"Ndiye tingokaona ndi maso. Mungandibweze ine, bambo? Si ndine ndinagwira ambulera tsiku lija?"

Akanakhala mlendo wina aliyense, a Nakhuwa akanamubweza. Koma kubweza mwana wa a Mataya sakanatha. Anavala jekete ngakhale kunkatentha, nasenza chikwama cha mayiwo ndi basiketi ya chakudya, ndipo tinanyamuka.

Ndinali ndisanawaonepo akukwera phiri ali chete. Kale pa khota lililonse pankakhala dzina la mtengo ndi nkhani yake. Tsikulo pankakhala chitsa. Mdzukulu wamng'ono anafunsa kuti nkhalango iyamba pati, ndipo Chingerezi changa chinandithawa mwadzidzidzi. Kangapo konse tinapatuka kupereka mpata kwa njinga zotsika, eni ake akuzigwira mwamphamvu kuti zisawathawe, aliyense akupereka moni waulemu kwa a Nakhuwa.

Titayandikira, ana anathamanga patsogolo akuvula malaya. Anali atavaliratu zosambirira mkati kuchokera ku Blantyre. Kenako anaima. Mathithi anali kamadzi kotsetsereka pa thanthwe ngati thukuta pa msana. Dziwe linali thamanda lofiira, dzuwa likuwomba pamwamba pake popanda tsamba lotchinga. Mai Elube anavula mandala, nawapukuta, nawavalanso.

"Si pano," anatero. "Sitinafike, eti bambo? Dziwe lija lili kumtunda."

"Ndi pano, mayi."

"Nanga mbale?"

"Ilimo."

"Agogo amapeka," anatero mdzukulu wamkulu m'Chingerezi. Mawu amenewo sindinawatanthauzire, koma a Nakhuwa anawawerenga pa nkhope ya mayiwo.

Anatula katundu. Anavula jekete, nandipatsa. Anavula nsapato zawo za matayala. Munthu amene sanalolepo aliyense kuponda madzi ofiira analowa yekha. Tinkaganiza kuti asambira. Anayenda. Anayenda mpaka pakati penipeni, pamene anyamata ankagwera akadumpha pa thanthwe, ndipo madzi anawalekeza m'mawondo. Mwina ankadziwa kale. Abusa a mbuzi ankaoloka pomwepo. Koma chimene wamva ndi makutu n'chosiyana ndi chimene wamva ndi mawondo. Zaka zonse zija ankaima pamwamba kudikira kuti madzi ayere, pamene pansi pa kufiirako dziwe linali litadzaza mchenga. Ankadikira chinthu chimene chinaikidwa kale m'manda.

Anagwada m'madzimo n'kuyamba kufukula mchenga ndi manja. Dzenje limene akumba linkadzikwirira nthawi yomweyo. Mai Elube anawachonderera kuti atuluke, kuti iwo akudziwa mbale ilimo, kuti awa ndi ana chabe. Sanamve. Ine ndinaima m'mphepete nditakumbatira jekete. Dziwe limene ndinaliopa moyo wanga wonse linali litafika pa msinkhu wanga, ndipo sindinakondwere nazo.

Amene analowa ndi Fanuwelo. Ankatsika ndi njinga yake, naona, naitsamiritsa pa chitsa, napinda buluku. Anagwada pafupi ndi malume ake n'kuyamba kufukula nawo, manja ake akuda ndi makala akusiya mizere m'madzi. Anakumba mpaka dzuwa litapendeka. Potsiriza Fanuwelo anati, "Amalume, ili pansi kwambiri. Tiyeni." Anawagwira m'khwapa n'kuwadzutsa, ndipo iwo analola.

Tinatsika tonse pamodzi, Fanuwelo ali patsogolo ndi njinga. Basiketi ya chakudya sinatsegulidwe. Pamphambano pamene njira ya ku Songani imasiyana ndi ya ku tchalitchi, mai Elube anaima. Sindikuwaweruza, magetsi m'tauni amazimazima, ndipo mwina ankafuna kuthokoza munthu amene anadzutsa nkhalamba m'madzi. Anafunsa Fanuwelo ngati angawagulitse thumba limodzi, poti makala a kuno ndi olimba, sali ngati a ku Blantyre.

Fanuwelo anayang'ana malume ake. Kenako anamasula thumba, nalitsitsa, nawerama kuti alisenze kukasiya ku galimoto.

"Lisiye," anatero a Nakhuwa.

"Amalume, n'lolemera. Ndikasiya ndine."

"Mlendoyu ndi wako?"

"Ayi, koma..."

"Ndisenzetse."

Apo ndi pamene mai Elube anazindikira, nayamba kunena kuti basi asiya, sakulifunanso. A Nakhuwa anati mlendo akasankha chotenga kuphiri sakanizidwa, ndipo sasenza. Fanuwelo anawasenzetsa misozi ikutsika. Ndipo ndinawaona, munthu wokalamba, buluku lonyowa mpaka m'chiuno, atasenza phiri lawo lomwe pamutu, akukwera kachitunda ka ku tchalitchi pang'onopang'ono, fumbi lakuda likuwagwera m'khosi. Analiika m'buti mwa galimoto, nasasa m'manja, nandiuza kuti ndiwafotokozere anawo kuti agogo awo sapeka: dziwe linalipo, ndipo mbale ilimo. Ameneyo anali mlendo wawo womaliza.

Mvula yotsatira italeka anabwerabe ndi jekete. Ndinawafunsa kuti chigamba n'chachiyani poti alendo kulibe. Anati alendo kulibe koma chigongono chilipo. Chiperoni cha mu Juni, kamvula kozizira kaja, chinawapeza ataima pa thanthwe m'mawa wina. Anatsika akutsokomola, ndipo chibayo sichinachedwe nawo. Anambewe anandiuza kuti masana a tsiku lomaliza mwamuna wawo anawaitana n'kunena kuti akachira akawagulira mbale ina pa Songani. Iwo anayankha kuti asavutike, a nkhanu aisunge, kunyumba kuno anthu anazolowera kudikirana.

Pamaliro panadzaza anthu a m'mudzi. Mwa onse amene anawasenzera zikwama zaka zonsezo sindinaonepo ndi mmodzi yemwe, ndipo sindikuwaimba mlandu: anawauza ndani? Mwini maliro anali Fanuwelo. Mpaka lero amatsikabe ndi njinga, kungoti tsopano amachokera kutali. Ana aja sanaleke kudya.

Dzulo ndinatseka makina n'kukwera ndekha.

Njira ili bwino kuposa kale lonse. Ndi yotakata, yosalala, makhota a a Nakhuwa akugwirabe ntchito yawo mokhulupirika. Mkuyu umene anaiwalapo wailesi kulibe. Patsala chibowo chakuda cha ng'anjo. Kasupe wa tsamba lopinda anauma, ndipo ngakhale akanakhalapo tsambalo ukanalithyola kuti? Mbalame sindinamve. Ndinamva nkhwangwa, kutali kwambiri kumtunda, poti pafupi palibenso choti idule. Mphepo ya Juni imangowomba molunjika popanda choigwira.

Mvula ya chaka chino inagwa yaukali, ndipo madzi osefukira anagumula miyala imene inkatchinga dziwe kumunsi, n'kukokolola mchenga wambiri. Chatsala ndi chigwembe chouma, kamadzi kakuyenda m'mbali mwake, koonda moti mbuzi zimakadumpha osanyowa. Ndinakwera pa thanthwe pamene ankaima. Ndinangozindikira manja ndaika kumbuyo, ndikusuzumira pansi.

Ilipo. Mwala waukulu uja uli pamtunda, ndipo mbale ikadali yomangirira ndi waya wake wadzimbiri, yopindika mbali imodzi, mkombero wabuluu ukuoneka bwinobwino ngakhale kwa maso anga otha ndi ulusi ndi mabuku. Pamwamba pake palibe ndi dontho lomwe la madzi. Muli kamchenga ndi timanyi ta mbuzi. Malinga ndi lamulo la a Nakhuwa, nyengo ya alendo yatseguka.

Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa litafika pamutu, nkhope nditalozetsa kunjira. Kunatsika njinga, kenako ina. Pa thanthwe lonselo panalibe mthunzi wina koma wanga. Nditafika pa khota loyamba potsika ndinacheuka, ndipo mbale ija inali ikuwalabe pa mchenga, ikuoneka kuchokera patali kuposa mmene inaonekerapo mwini wake ali moyo.